Kodi Mayi Barbara Castle anachita chiyani kuti awaimikire chiboliboli ku Blackburn?

NaBanda wa ku Blackburn:

Abale anga, ndithandizeni. Chino ndi chaka changa chachiwiri ku Blackburn kuno ku England, ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Ndikamaweruka m'mawa ndimadutsa pa Jubilee Square, pomwe pali chiboliboli cha mayi wooneka ngati akuthamangira kwinakwake, chikalata chili m'manja. Dzina lawo ndi Barbara Castle. Sabata yatha ndikupesa tsitsi agogo ena a zaka zoposa 90, ndinangotchula dzinali. Anandigwira dzanja mwamphamvu n'kundiuza kuti mayi ameneyu ndiye anachititsa kuti ndalama ya ana izifikira m'manja mwawo, osadzera m'thumba la amuna awo. Koma abambo ena a chipinda choyandikana, omwe kale anali mtsogoleri m'bungwe la anthu apantchito, atamva dzina lomwelo anangopukusa mutu osayankha. Zandikhala pamtima. Munthu mmodzi yemweyo, wina misozi ili lengelenge, wina nkhope gwa! Anali ndani mayiyu?

Bambo a Tadala, Leeds:

Achemwali, mwafunsa bwino. Mayi Castle anali phungu wa Blackburn wa chipani cha Labour kuyambira 1945 mpaka 1979, zaka 34. Chikalata chili m'manjacho ndi lamulo la Equal Pay Act la 1970, loti amayi ndi amuna azilandira malipiro ofanana pa ntchito yofanana. Chiyambi chake n'chakuti mu June 1968 amayi osoka nsalu za mipando ya galimoto pa fakitale ya Ford ku Dagenham ananyanyala ntchito. Ankalandira 85 peresenti ya malipiro a amuna, ngakhale ntchito yawo inali yaluso. Mipando itasowa, kupanga magalimoto kunaima. Mayi Castle, monga nduna ya zantchito, anawaitana amayiwo n'kukambirana nawo pamasom'pamaso, ndipo anabwerera ku ntchito atalonjezedwa 92 peresenti. Lamulo linadutsa mu 1970 koma linayamba kugwira ntchito kumapeto kwa 1975. Za agogo anuwo n'zoona. Ndalama ya anayo, yotchedwa Child Benefit, anaikhazikitsa ndi Mayi Castle mu 1975. Kale mwana woyamba sankawerengedwa pa ndalama yomwe amayi ankalandira, ndipo thandizo lina linkabwera pochepetsa msonkho pa malipiro a bambo. Ngati bamboyo anali wokonda kumowa, ana sankaiona n'komwe.

Dalaivala wa Basi, Manchester:

Ine ndimawadziwira kumsewu. Mu 1967 ali nduna ya zamtengatenga anabweretsa kachipangizo kouzira mpweya kaja, koyezera ngati dalaivala wamwa. Anachititsanso kuti lamulo loletsa kupitirira liwiro la mamailosi 70 pa ola likhale lokhazikika ndi kulamula kuti magalimoto atsopano azikhala ndi malamba. Eni malo omwera mowa anakwiya koopsa, ena anawalembera makalata owaopseza kuti awapha, ena ankawanyoza poti eni ake sankadziwa kuyendetsa galimoto. Sanabwerere m'mbuyo. Ine mchimwene wanga anagundidwa ndi woledzera, ndiye nkhani iyi sindiitenga mopepuka.

Amalume a ku Luton:

Mwana wanga NaBanda, abambo opukusa mutuwo musawaone ngati oipa mtima, ali ndi chifukwa chawo. Mu January 1969 Mayi Castle anatulutsa ndondomeko yotchedwa In Place of Strife. Inkafuna kuti nduna ikhale ndi mphamvu yolamula kuti antchito aponye kaye voti asananyanyale, komanso yoimitsa sitiraka ina kwa masiku 28 kuti anthu akambirane. Mabungwe a antchito, omwe ndi amene anabereka chipani cha Labour, anaona ngati mwana watukwana mayi ake. M'nduna anzawo momwemo James Callaghan anaitsutsa poyera, ndipo pofika June chaka chomwecho nduna yaikulu Harold Wilson anagonja n'kuisiya. Callaghan atakhala nduna yaikulu mu 1976 anawachotsa Mayi Castle pa unduna nthawi yomweyo.

Maganizo anga ndi akuti mayiyu anaona patali. Patangopita zaka khumi masitiraka a m'nyengo yozizira ya 1978 mpaka 1979 anagwetsa boma la Callaghan yemweyo, ndipo Margaret Thatcher, yemwe analowa m'malo mwake, anabwera ndi malamulo owawa kuposa aja anawakana. Komabe kwa munthu amene anakhalira kumenyera ufulu wonyanyala ntchito moyo wake wonse, chilonda chimenecho sichipola msanga. Chinanso chomwe ambiri amaiwala: mu 1959 anaimirira m'nyumba ya malamulo kudzudzula boma pa imfa ya akaidi 11 omwe anamenyedwa mpaka kufa ku ndende ya Hola ku Kenya. Mu 1964 anakhalanso nduna yoyamba yoona za thandizo lopita ku mayiko akunja.

NaBanda wa ku Blackburn:

Zikomo nonse, makamaka inu amalume. Lero ndinawafunsa abambo aja mwaulemu za 1969. Anakhala chete kanthawi, kenaka anati mkazi wawo, yemwe anamwalira kale, ankagwira ntchito m'fakitale ya nsalu, ndipo nkhani ya Mayi Castle inkawakanganitsa pa chakudya chamadzulo kwa zaka zambiri. Andiuza kuti Lachisanu ndikamalize msanga ntchito, ali ndi chithunzi cha mkazi wawo chomwe akufuna kundionetsa.