Ndivale chiyani mkati mwa diresi la ukwati?

Azimayi anzanga, ndithandizeni maganizo. Ndili ku Chipata, ukwati wanga uli mu Okutobala, ndipo mukudziwa mmene kumatenthera kuno mvula isanagwe.

Diresi ndinasoketsa kwa telala, la satini loyera, logwira thupi mpaka m'maondo, mapewa pamtunda. Loweruka ndinapita kukayesa. Nditaima pagalasi mtima unandiwawa. Mzere wa panti ukuoneka, bra yoyera ikuonekera pansalu, kamimba kamene kanatsala nditabereka mwana wanga nako kali poyera.

Ndinagula gedulo (chovala chamkati chothina chobweza mimba) ya salaula ku msika wa Kapata. Ndinaivala ola limodzi lokha kunyumba, inapindika pamwamba n'kuyamba kundiluma m'nthiti, thukuta lili kamukamu. Nanga Misa ku St Anne's, zithunzi, kuvina polowa m'holo, ndidzapirira?

Chondisowetsa tulo kwambiri ndi mikanda. Anamkungwi anandimanga m'chiuno, anati tsiku limenelo isachoke. Ndi amayi amene andiphunzitsa zambiri, sindingawanyoze. Koma pansi pa satini mkanda uliwonse ukuwerengeka, ndipo gedulo ikaikanikiza imaboola khungu. Inu munachita bwanji?

Yankho: Mwanawe, choyera pansi pa choyera chimaonekera nthawi zonse. Funa zofiirira zofanana ndi khungu lako, zopanda msoko. Gedulo yapindika chifukwa ndi yaing'ono. Tenga saizi yako yeniyeni, ya kabudula yofika pansi pa mabere. Ukamayesa ukhale pampando, ugwade ngati uli m'tchalitchi, uone ngati ukupuma bwino.

Yankho: Za mikandazo usachite mobisa, asisi. Ine ndinapita ndi azakhali anga kwa anamkungwi, tinagwada n'kuwaonetsa diresi nditavala. Anaona okha. Anavomera kuti a matron aisunge m'kachikwama, ndinaivala madzulo nditavula diresi.

Yankho: Bra isiye, uuze telala asokere makapu m'diresi momwemo. Ndipo gedulo ikhale yotsegula pansi. Ine yanga inali yotseka, kuchimbudzi tinalowa atatu kuti andithandize kunyamula diresi, ndinalira ndi manyazi.

Mwini funso: Zikomo kwambiri amayi, mwanditula katundu. Mawa ndiwaimbira azakhali. Koma zofiirira zosasokazo ndingazipeze ku Down Shops, kapena ndiwoloke pa Mwami ndikaone ku Lilongwe? Telala akufuna ndibwere nazo poyesa komaliza.