Bokosi la nyongolotsi likununkha, vuto lili pati?

Wadimba: Akuluakulu, bokosi la nyongolotsi zopangira manyowa likayamba kununkha, nyongolotsizo n'kumakwera m'mbali ngati zikufuna kuthawa, chalakwika n'chiyani? Nanga zotsala za kukhitchini zonse n'zoyenera kuthiramo?

Namasamba: Fungolo likutanthauza kuti chakudya kapena madzi zachuluka, mpweya sukulowa, ndiye zinthu zikungoola osadyedwa. Lekani kuthira chakudya kwa sabata imodzi. Ng'ambani makatoni ouma musakanizemo, ndipo boolani timabowo pansi ndi m'mbali mwa bokosilo. Poyesa chinyezi, tapani zam'katimo mufinye m'dzanja: pazituluka dontho limodzi kapena awiri basi. Nyongolotsi zolemera theka la kilogalamu musazipatse chakudya choposa magalamu 250 patsiku, ndipo masabata oyamba chepetsani ndithu. Chakudyacho muzichikwirira, apo ayi tintchentche tidzadzamo.

Achimwene a Kompositi: Makoko a nthochi ndi a mbatata, masamba a tiyi, mapesi a ndiwo zamasamba, zonsezo thiranimo, koma muziduladula. Nyama, usipa, mafuta ndi zamchere ayi. Mkute wa nsima umasasa n'kuitana makoswe. Anyezi ndi makoko a mandimu pang'ono chabe. Zikamba za mazira zosinja zimachepetsa asidi.

Gogo Chinyezi: Onaninso mtundu wa nyongolotsizo. Zoyenera ndi zofiira zija, zomwe dzina lake la sayansi ndi Eisenia fetida. Zokumba m'munda sizikhalitsa m'bokosi. Zofiirazo zimakonda kutentha kwa madigiri 15 mpaka 25, choncho mu Okutobala bokosi likhale pamthunzi, pamwamba pake thumba lonyowa. Bokosilo likakhala patebulo, miyendo ya tebuloyo muiike m'zitini za madzi kuti nyerere zisakwere. Pakatha miyezi itatu kapena inayi, muziika chakudya mbali imodzi yokha. Nyongolotsi zikasamukirako, kololani manyowa mbali inayo.