Analowana zaka 4, bambo akukana mwana wachiwiri: tilowere khomo liti?

Mlangizi wa zamalamulo, Mponela:
Akuluakulu ndi anzanga nonse pagulu pano, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi mayi wina amene analowana ndi bambo woyendetsa kabaza wa njinga yamoto. Akhala limodzi m'nyumba ya lendi zaka 4 ndi miyezi ingapo. Chinkhoswe sichinachitike, kutchalitchi sanapite, kwa DC sanapitenso. Ana alipo awiri, wamkulu wa zaka 3, wamng'ono akadali kubere. Mwezi wathawu bamboyo wasamuka, wabwerera kwa mkazi wake wamkulu kumudzi. Mwana woyamba akumuvomera. Wachiwiriyu akuti si wake, ati pamene mimba inkaima iye anali ku Johannesburg. Mayiyu akuti bamboyo anabwera pa Khirisimasi ndipo anakhala mpaka Januwale. Chichokereni sanatumize ngakhale sopo, ndipo mwini nyumba wayamba kale kukumbutsa za lendi. Palinso njinga ija, mayiyu akuti anasonkhako ndalama za ku banki m'khonde. Popeza zaka 5 sizinakwane, khoti lingawatenge ngati banja? Ngati si banja, anawa awathandiza ndani?

Kalaliki wa khoti wopuma, Zomba:
Mwanawe, mwamanga nkhani zitatu mtolo umodzi, n'chifukwa chake zikulemera. Masulani. Pali nkhani ya ukwati, pali ya ana, pali ya njinga. Ya ukwati ndi imene ili yofooka. Lamulo la ukwati la 2015, Marriage, Divorce and Family Relations Act, limazindikiradi ukwati wongolowana, koma ndi khoti lokha limene linganene kuti awa ndi banja, ndipo gawo 13 likuti ubalewo usachepere zaka 5. Pamwamba pa zakazo khoti limaonanso ngati ankakhaladi limodzi, mmene ankadalirana pa chuma, katundu amene anapeza, ana, komanso ngati anthu a m'deralo ankawadziwa ngati mwamuna ndi mkazi wake. Inu zaka zanu zaperewera. Koma anawo sadikira zimenezo. Gawo 23 la Malamulo aakulu a dziko lino likuti ana onse ndi ofanana pamaso pa lamulo posatengera mmene anabadwira, ndipo ayenera kulandira chisamaliro kwa makolo awo, kaya makolowo anakwatirana, sanakwatirane kapena anasudzulana. Yambani ndi ana.

Mlangizi, Chikwawa:
Madala anena zoona. Ndingowonjezera kuti muwerengenso bwino zakazo musanazitaye. Amayi ambiri amawerengera tsiku limene analowa m'nyumba imene akukhala panopa, pomwe anayamba kukhalira limodzi kwina kale. Mufunseni anayamba lendi kuti, chaka chiti, mwini nyumba woyamba anali ndani.

Mlangizi wa zamalamulo, Mponela:
Achimwene a ku Chikwawa, ndinamufunsa mofatsa. Nyumba ndi imodzi yomweyo, ndipo mwana woyamba anabadwa atatha chaka ali momwemo. Zaka 5 sizikufika.

Wa zachisamaliro cha anthu, Ntcheu:
Ndiye musamuyembekezetse chinthu chimene kulibe. Muuzeni poyera kuti mwayi woti khoti limutche mkazi wa bamboyo ndi wochepa. Zimawawa kumva, makamaka kwa munthu amene waphikira mwamuna zaka zonsezi n'kumuberekera ana, koma kuli bwino amve kwa inu kusiyana n'kukamva m'khoti anthu akuonerera. Kenako mumuonetse khomo limene lili lotseguka. Lamulo la ana la 2010, Child Care, Protection and Justice Act, limalola mayi, womulera mwana, ngakhalenso ife a zachisamaliro, kupempha khoti la ana kuti ligamule za bambo wa mwana komanso chithandizo. Kumene kulibe khoti la ana lapadera, majisitireti amakhala ngati khoti la ana. Kwa mwana woyamba palibe chokangana, bamboyo akuvomera yekha. Musalole kuti mkangano wa wachiwiri uchedwetse phala la woyamba.

Mlangizi, Mzimba:
Ine ndisiyaneko nanu pang'ono. Bwanji osayamba mwaitana akuluakulu a mbali zonse? Kukhoti n'kutali, thiransipoti ndi ndalama, milandu imasinthidwa masiku. Kuno kwathu munthu akaitanidwa pamaso pa bambo ake aang'ono amachita manyazi kukana magazi ake. Komanso mwamuna akalandira chisamani mtima umauma, zimene akanapereka mwaufulu amayamba kuwerengera.

Wa zachisamaliro cha anthu, Ntcheu:
Abambo a ku Mzimba, kukambirana sindikukana, ifenso timayambira pomwepo. Koma taonani bwino nkhaniyi. Ankhoswe palibe. Abale a mwamunayo ali ndi mpongozi wawo kale kumudzi, amene amamudziwa. Mukawaitana popanda wina woima pakati, mayiyu akakhala yekha pamphasa moyang'anizana ndi mtundu wonse, ndipo akamva mawu oti "ife sitikudziwani". Ndawaona amayi akutuluka m'zokambirana zotere atavomera thumba limodzi la chimanga pa chaka chifukwa cha manyazi. Ngati mukukambirana, zichitikire ku ofesi kwanu kapena kwathu, mayiyu abwere ndi amalume ake, zimene agwirizana zilembedwe, onse asayine. Ndipo muike tsiku. Likadutsa popanda kanthu, kukhoti.

Mlangizi, Mzimba:
Pamenepo tagwirizana, amayi. Malo ndi pepala.

Mlangizi wa zamalamulo, Mponela:
Zikomo nonse. Tsono pa mwana wachiwiriyu, mayiyu ndalama ya DNA alibe, ndipo bamboyo akudziwa zimenezo. Akumuuza kuti "kayezetse tione".

Kalaliki wa khoti wopuma, Zomba:
Amuna ambiri amaopseza ndi mawu amenewo poganiza kuti popanda DNA palibe mlandu. Si mmene lamulo la 2010 lilili. Lamuloli linatchula zinthu zimene khoti lingatenge ngati umboni wa ubambo: dzina la kholo limene linalembedwa m'kaundula wa kubadwa, mwambo umene bamboyo anachitira mwanayo, kuvomera kwake poyera, ndi china chilichonse chimene khoti laona kuti n'chogwirizana ndi nkhaniyo. Ndipo gwirani ichi: khoti likhoza kulamula kuti ayezedwe, iye akakana, kukanako kumawerengedwanso ngati umboni. Choncho "kayezetse" uja akhoza kumutembenukira mwini wake.

Tsono khalani pansi ndi mayiyo, mumufunse mafunso ang'onoang'ono. Kabuku ka kusikelo akadali nako? M'menemo muli masiku, anamwino amalemba mwezi umene mimba inayamba ndi tsiku loyembekezera kuchira. Muwerengere cham'mbuyo muone ngati zikugwera mu Disembala kapena Januwale. Kusikelo koyamba amalimbikitsa kupita ndi abambo, kodi anapita naye? Pa fomu yolembetsera chiphaso cha kubadwa ku NRB, ofesi ya boma ya kalembera wa anthu, analembapo dzina la ndani? Kuchipatala anakamutenga ndani, pa njinga ya ndani? Dzina la mwanayo anatcha ndani? Ngati analitcha ndi agogo a kuchimuna, kapena alongo ake a bamboyo anabwera ndi chitenje ndi beseni kudzaona mwana, amenewo ndi mboni, angakhale asakufuna.

Mlangizi, Mwanza:
Pa za ulendowo ndithandizepo, poti ndili pachipata. Wochokera ku Johannesburg pa basi amadutsa Beitbridge, Nyamapanda, Tete, n'kudzalowa pa Mwanza kapena pa Dedza. Ngati anayenda ndi pasipoti, zidindo zili momwemo ndi masiku ake, ndipo mayiyu akhoza kupempha khoti kuti bamboyo abwere nayo. Ngati anadutsa njira zachidule, chidindo mulibe, koma munthu sabwera kuchokera ku Joni mwakachetechete. Anzake a pa siteji ya kabaza anamuona, kutchalitchi anamuona, mwini nyumba anamuona. Zithunzi za pa Khirisimasi mufoni zimakhala ndi tsiku. Mauthenga a pa WhatsApp asafufute ngakhale limodzi, makamaka a nthawi imene anamuuza kuti ndi woyembekezera. Yankho limene bamboyo anapereka tsiku limenelo ndi lofunika kwambiri.

Mlangizi wa zamalamulo, Mponela:
Ndamuimbira pompano. Kabuku kali pomwepo, mwana anabadwa kumapeto kwa Seputembala. Dzina anatcha ndi mayi ake a bamboyo, dzina la malemu mchemwali wawo. Ndipo pali uthenga wa mawu umene bamboyo anatumiza ali ku Joni, akufunsa ngati "mwana wanga" wayamba kugunda m'mimba.

Kalaliki wa khoti wopuma, Zomba:
Mwezi ukugwirizana, dzina likuchokera kuchimuna, mawu ndi ake. Uthengawo ausunge pawiri, wina autumize pa foni ya m'bale wake wodalirika lero lomwe. Mafoni amagwera m'madzi, ena amasowa mlandu ukayandikira.

Mlangizi, Lilongwe:
Ine nkhawa yanga ili patsogolo. Kupambana mlandu wa ubambo n'kotheka, koma ndalama ituluka bwanji? Akanakhala mphunzitsi kapena mlonda wa pakampani, khoti likanatha kulamula kuti azidula kumalipiro. Wakabaza alibe pepala la malipiro. Akaima pamaso pa majisitireti adzati njinga ndi ya bwana, mafuta akwera, ndili ndi ana ena kumudzi. Ndipo za ana enawo khoti lidzamvera ndithu, chifukwa lamulo limati liganizire chuma cha makolo onse awiri, udindo umene kholo lili nawo pa ana ena, ndi kukwera mtengo kwa zinthu m'deralo. Mayiyu amve zimenezi asanapite, asakayembekeze kuti zonse zigwera bamboyo. Nayenso adzafunsidwa zimene amapeza.

Chimene chimathandiza n'kupita ndi masamu. Alembe papepala zimene ana awiriwa amadya ndi kugwiritsa ntchito pa mwezi: ufa, ndiwo, sopo, makala, mankhwala, sukulu ya mkomba phala, gawo la lendi. Mitengo ikhale ya pamsika wa pa Mponela pomwepo, osakweza. Kenako mbali ya bamboyo: njinga inalembetsedwa m'dzina la ndani, tcheyamani wa pa siteji amadziwa zimene munthu amapeza pa tsiku labwino ndi loipa, ndipo ngati ankatumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, mbiri yake ikusonyeza zimene ankakwanitsa asanachoke. Kwa munthu wopeza za tsiku ndi tsiku ine ndimalangiza kupempha kuti azipereka pa sabata. Ndalama ya mwezi wathunthu wakabaza saiona pamodzi. Azipereka kudzera pa foni kapena kukhoti kuti pakhale chosonyeza, osati pamanja panjira. Zinthu zikadzakwera mtengo, kapena mwana akadzayamba sukulu, mayiyu ali ndi ufulu wobwerera kukhoti kukapempha kuti chigamulocho chisinthidwe.

Mlangizi, Chikwawa:
Njinga tisaiiwale. Popanda ukwati, asaitchule ngati katundu wa banja. Aitchule ngati chinthu chimene anaikapo ndalama zake. Buku la ku banki m'khonde likusonyeza tsiku limene anatenga ngongole ndi kuchuluka kwake, ndipo mlembi wa gululo akhoza kuchitira umboni. Ngati tsikulo layandikana ndi tsiku limene njinga inagulidwa, poyambira pali. Umenewu ndi mlandu wina, wapadera. Ndikanakhala ine ndikanautumiza ku Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yothandiza pa milandu anthu amene sangakwanitse kulipira loya, loya akauone pamodzi ndi funso la mkazi wamkulu uja. Mufufuze kuti ukwati wa kumudziwo ndi wa mtundu wanji. Wa chinkhoswe umalola mitala, koma wa kwa DC sulola mkazi wachiwiri.

Wa zachisamaliro cha anthu, Ntcheu:
Chinanso achemwali, mumufunse ali yekha ngati bamboyo anamuopsezapo kapena kumumenya chiyambire nkhaniyi. Ngati zilipo, zokambirana zija zisiyeni, apite ku Victim Support Unit kupolisi, ndipo lamulo la 2006 loletsa nkhanza za m'banja limalola khoti kupereka chiletso chomuteteza. Mumukonzekeretsenso kuyankhula yekha. Inu simukamuyankhulira m'khoti. Ayesere kufotokoza nkhani yake mwadongosolo, kuyambira tsiku lobwera bamboyo mpaka tsiku lobadwa mwana, osalowetsamo za mkazi mnzake.

Mlangizi wa zamalamulo, Mponela:
Za kumenya akuti palibe, koma ndimufunsanso tikakhala awiri. Mawa abwera ndi kabuku ka kusikelo, buku la ku banki m'khonde ndi amalume ake. Bamboyo ndimulembera kalata yomuitana ku ofesi Lachisanu. Akapanda kubwera, Lolemba tikalembetsa ku khoti la ana nkhani ziwiri, ubambo wa wamng'ono ndi chithandizo cha onse awiri. Ya njinga ndiitumiza ku Legal Aid. Achimwene a ku Lilongwe, mungandiponyere chitsanzo cha pepala la masamu lija?

Mlangizi, Lilongwe:
Ndikutumizirani madzulo ano ndikafika pa kompyuta. Mzere wa lendi mugawe patatu, muwerengere magawo awiri a ana okha.