Ndani akudziwa zokhazikitsa parish council ku England?

Abale ndi alongo amene muli ku England, ndithandizeni nzeru. Dera limene ndikukhala ndi limodzi mwa madera opanda civil parish, boma laling'ono lija loyang'anira zinthu za pafupi monga bwalo la ana, holo ya m'dera ndi timinda tobwereka. Anzathu akumidzi ali nayo, koma matauni ambiri amene kale anali ndi makhonsolo awoawo adatsala opanda parishi pamene maboma a madera adasinthidwa mu 1974.

Ife chikutiwawa ndi bwalo la ana. Katungwe adathyoka kalekale, unyolo ukungolendewera, ndipo makolo tikafuna kudandaula timakathera ku khonsolo yaikulu imene ili ndi zambiri zoti iganizire.

Ndamva kuti lamulo la 2007 limalola anthu kusonkhanitsa masiginecha kuti khonsolo yaikuluyo iunike ngati dera lingakhale ndi parish council yakeyake, ndipo m'dera la anthu ovota opitirira 2,500 pamafunika masiginecha a 7.5 peresenti ya ovotawo. A ku Queen's Park ku London adakhazikitsa yawo mu 2014, a ku Sutton Coldfield mu 2016.

Kodi alipo pano amene adayendapo njira imeneyi? Malire a dera mudawajambula bwanji? Chimene ndikuda nacho nkhawa kwambiri ndi ndalama yoonjezera pa council tax (msonkho wa nyumba wopita ku khonsolo) yoyendetsera parishiyo, pakuti anansi anga ambiri akuvutika kale ndi lendi. Mudawauza chiyani kuti avomere kusaina? Nanga khonsolo ikakana pambuyo pounika, pali kwina kodandaula?