Za mphwanga amene ankasowa tulo: mmene zinthu zilili tsopano

Miyezi yapitayo ndinafunsa zoti ndichite ndi mphwanga wa Fomu 4 amene ankasowa tulo, kukana chakudya ndiponso kudandaula kuti mtima ukuthamanga pamene mayeso a MSCE ankayandikira. Ambiri munandilangiza kuti ndisamutenge ngati waulesi koma ndipite naye kuchipatala, ndipo ndinatero.

Kumeneko anayamba ndi kumuyeza malungo ndi kuchepa kwa magazi, popeza matenda amenewa amathanso kufooketsa thupi ndi kuthamangitsa mtima. Atapeza kuti zonsezi palibe, namwino woona za matenda a maganizo anatifotokozera kuti vuto lake ndi nkhawa yopyola muyezo, ndipo sanathamangire kupereka mankhwala. Anamuphunzitsa kupuma pang'onopang'ono mantha akamugwira, kusiya zakumwa zoletsa tulo zimene ankadalira powerenga usiku, ndi kuika foni patali nthawi yogona.

Chimene chinandikhudza kwambiri n'chakuti mwanayu ankaopa kutikhumudwitsa ife omulipirira sukulu kuposa mmene ankaopera mayesowo. Tsopano akugona bwino, ngakhale masiku ena nkhawayo imabwerera.

Kwa amene munafunsa kopita, a bungwe la St John of God, lothandiza pa matenda a maganizo, amapereka uphungu ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndipo ana angaimbe mwaulere pa 116, nambala yothandizira ana.