Simenti yomatira post m'muzu wa dzino: tidikire resin kapena tigwiritse ntchito imene tili nayo?

Wothandiza odwala mano, Luwinga:
Akuluakulu, ndikupempha nzeru. Ndili ndi wodwala amene dzino lake la kutsogolo, la m'mwamba, tinalichotsa mtsempha n'kutseka muzu ndi gutta-percha (chotsekera chonga labala) mwezi wathawu, koma mbali yaikulu ya pamwamba inathyoka, ndiye pakufunika post (kandodo kolowetsa m'muzu) kuti crown (chovindikira dzino) ipeze pogwira. Pachipatala chathu tili ndi simenti ya zinc phosphate ndi ya glass ionomer basi. Simenti ya resin (yonga pulasitiki) mpaka tiitanitse ku Lilongwe. Kodi ndidikire?

Dokotala wa mano, Katoto:
Achimwene, simunatiuze kuti post yanu ndi ya mtundu wanji, ndipo yankho lagona pamenepo. Ngati ndi yachitsulo, yopangidwa molingana ndi mpata wa m'muzu, zinc phosphate imagwira bwino. Madokotala akhala akuigwiritsa ntchito kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ndipo siimamatira ku dzino koma imangodzaza mpata kuti chitsulo chisagwedezeke. Glass ionomer, imene akatswiri a sayansi Wilson ndi Kent anaifotokoza mu 1972, imamatira pang'ono ku dzino ndipo imatulutsa fluoride, koma imadana ndi malovu pamene ikuuma. Post ya fibre (yopangidwa ndi timaulusi, osati chitsulo) ndiyo imafunadi resin, ndipo ikhale ya mtundu wouma wokha ngakhale pomwe kuwala sikufika, chifukwa nyali yathu youmitsira resin siiwalitsa mpaka pansi pa muzu.

Komabe chimene chimandidetsa nkhawa kuposa simenti ndi kuchuluka kwa dzino lotsala. Pamafunika khoma lolimba la mamilimita 1.5 mpaka 2 pamwamba pa nkhama kuti crown ilikumbatire, ndipo kumapeto kwa muzu musiye gutta-percha ya mamilimita 4 kapena 5. Popanda khomalo, muzu ukhoza kung'aluka tsiku limene wodwalayo adzaluma chimanga chokazinga, simenti ikhale yokwera mtengo bwanji.

Mayi wogwira ntchito ya mano, Chibavi:
Ndiwonjezere mfundo imodzi kwa amene asankha resin. Onetsetsani mankhwala amene munatsekera nawo muzu, chifukwa ngati muli eugenol (mafuta opezeka m'mankhwala ena otsekera muzu), amalepheretsa resin kuuma bwino, choncho makoma a mpatawo atsukidwe mokwanira ndi kuumitsidwa ndi timapepala tosongoka toumitsira m'muzu, osati kuuzira mpweya kokha. Ine ndinaonapo post ikuzuka patangopita masabata ochepa chifukwa cha zimenezi, ndipo manyazi anandigwira pamaso pa wodwala. Resin imafunanso kusungidwa pozizira monga mwa malangizo a pa phukusi, ndipo kuzizira kwa kuno ku Mzuzu sikungalowe m'malo mwa firiji.

Wothandiza odwala mano, Luwinga:
Zikomo kwambiri nonse. Post ndi yachitsulo, ndipo ndayeza khoma lero: lakwana mamilimita 2 mbali zonse. Ndigwiritsa ntchito zinc phosphate Lachinayi.