Penti wasendeka m'munsi mwa khoma ku Maganga, amisiri tithandizane

aBanda (wopenta, Kamuzu Road): Mwaswera bwanji akuluakulu. Ndabwera ndi vuto. Chaka chatha mu Ogasiti ndinapenta pabalaza pa mayi ena amasiye cha ku Maganga, aphunzitsi opuma ntchito. Penti wa madzi, makoti awiri, zinaoneka bwino. Dzulo anandiitana. Kuyambira pansi kulekeza m'mabondo penti watuluka matuza, ukakhudza akungoyoyoka, ndipo kuseri kwake kuli ufa woyera ngati wa kondowole. Mayiwo sanandikalipire. Anangondilozera khomalo n'kukhala chete, ndipo zandipweteka kwambiri. Mwana wawo ali ndi chinkhoswe pakatha masabata anayi, ndalama ndi zochepa, ntchito zina akufuna agwire okha ndi adzukulu. Nditani?

Mphwanga wa ku Khombedza (wophunzira ntchito): Abwana, bwanji mupale kenako mumenye penti wa mafuta wakuda m'munsimo, ngati momwe amachitira m'masukulu? Uja salowa madzi.

aPhiri (omanga, Chipoka): Ayi mwana wanga, pamenepo ndiye muonjeza moto. M'masukulu amapaka uja chifukwa cha manja ndi mapazi a ana, pakhoma louma. Apa madzi akuchokera mkati mwa khoma, osati kunja. Njerwa imamwa madzi a m'nthaka ngati chingwe cha nyali chimakokera palafini. Madziwo amakwera ndi mchere wa m'dothi, akafika pamwamba pa pulasitala amauma, mchere n'kutsala. Ufa mwauonawo ndi umenewo, ndiwo ukukankha penti. Mukatseka ndi penti wa mafuta chinyezi chisowa potulukira, chikwera pamwamba pa mzere wanu, ndipo chaka chamawa matuza adzafika m'chiuno.

ABanda, musanagule kalikonse chitani izi. Dulani pulasitiki wa shuga, mum'mate pakhomapo ndi tepi mbali zonse zinayi, pasatsale polowa mpweya. Adikire masiku awiri. Thukuta likakhala mkati, mbali yoyang'ana khoma, madzi akuchokera m'njerwa. Komanso muzungulire panja muone kuti dothi lafika pati, ndiponso ngati pamaziko pali pulasitiki wakuda uja wa DPC, wotchinga chinyezi cha m'nthaka kuti chisakwere m'khoma.

aMwale (kalipentala, Senga Bay): Zoona aPhiri. Chikwerereni nyanja mu 2024, nyumba zambiri za kumunsi kuno zikudwala matenda omwewa. Pena ukakumba pang'ono chabe mchenga uli kale chinyontho. Ine zitseko zotupa ndapala zosawerengeka.

aBanda: Ndabwerako akuluakulu. Pulasitiki uja wachita thukuta mkati, madontho enieni. DPC ilipo, ndaiona pangodya, koma yakwiririka. Mayiwo anaunjika dothi kutsamira khoma n'kudzala maluwa, ndipo adzukulu amathirira m'mawa uliwonse, ndowa ziwiri. Malata nawo ndi aafupi, mvula ikagwa imathera pamaluwa pomwepo. Khoma la mbali ya msewu, komwe kulibe maluwa, lili bwinobwino. Chaka chatha ndinalowa ndi burashi yanga osazungulira nyumba. Kulakwa kumeneko ndi kwanga ndipo ndawauza.

aPhiri: Mwachita bwino kuwauza. Ndiye nkhani yapepuka, chifukwa mankhwala ake aakulu ndi khasu, safuna ndalama. Maluwa asamuke, awaike m'zigubu zodula kapena m'miphika patali ndi khoma. Dothi lichoke mpaka DPC ikhale pamwamba pa nthaka ndi masentimita 15, ndiye kuti mizere iwiri ya njerwa. Kenako muwakonzere kakhonde kotsetsereka kuti madzi azithawa nyumba. Simenti ikavuta, yalani zidutswa za njerwa, mutsire mchenga m'mipata, mukumbe kangalande kutsogolo kwake. Zitheke mvula ya Disembala isanafike.

Mkatimo palani penti yense wa m'munsi, mupitirire pang'ono pamwamba pa pomwe pathera matuza. Mchere uja muuchotse ndi burashi youma. Musatsuke ndi madzi, mukatero usungunuka n'kubwerera m'khoma. Gogodani pulasitala ndi chigwiriro cha hamala: pomwe pakulira ngati ng'oma pamatuka, gumulani. Pomata muphatikize muyezo umodzi wa simenti, umodzi wa laimu, isanu ndi umodzi ya mchenga wotsuka bwino. Pulasitala wa simenti yambiri amauma gwa koma amatsekera madzi mkati. Mazenera azikhala otsekula, kutentha kwa kuno kukuthandizani.

aBanda: Nanga pamwamba pake ndipake chiyani? Pulasitala watsopano amafuna pafupifupi mwezi asanalandire penti wa m'chitini, ndipo mwezi ndilibe.

aPhiri: Laimu. Anthu amamunyoza kuti ndi wa kuchimbudzi ndi mitengo ya m'mbali mwa msewu, koma amalola khoma kupuma, ndipo pa pulasitala wa masiku ochepa amagwira bwino. Chimene chimaononga mbiri yake ndi changu chathu. Timasungunula m'mawa, wokhuthala ngati phala, n'kupaka dzuwa lili pamutu, mawa lake aliyense wotsamira khoma watuwa msana. Muviike wa m'thumba m'ndowa yovundikira tsiku lathunthu, akagona masiku awiri ndiye bwino koposa. Musefe pa neti yakale ya udzudzu. Akhale wamadzimadzi ngati mkaka. Nyowetsani khoma pang'ono, pakani kopyapyala, koti imodzi patsiku, makoti atatu kapena anayi. Koti yoyamba imaoneka ngati simunachite kanthu, musataye mtima, imayera ikamauma. Dziwaninso kuti pa penti wakale laimu sagwira, ndiye kumtunda komwe penti wanu ali bwino kusiyeni.

aMwale: Malemu bambo anga ankathiramo mchere wa kukhitchini kuti laimu asamatuwitse zovala. Bwanji pamenepa?

aPhiri: Ambiri amatero, ine ndemwe ndinaphunzira choncho. Koma khoma ili likudwala mchere kale, ndipo mchere umakoka chinyezi. Pano ayi.

Nangozo (osoka ndi kuluka, Senga Bay): Abambo inu mwalongosola za madzi, koma mayiwo akulandira alendo, akufuna pabalaza pokongola. Ndiloleni ndiikepo mlomo. M'laimu wa m'munsiyo thiranimo okusaidi pang'ono, wofiira kapena wachikasu, yemwe uja timaika pa simenti ya pansi. Amatuluka mtundu wa dothi lowotcha, wofanana ndi mphika watsopano. Kumtunda kukhale koyera, pakati mudule mzere wowongoka ndi chingwe, aliyense aziona ngati munachita kufuna. Yesani kaye pakangodya chifukwa ukauma mtundu umachepa mphamvu kwambiri, ndipo musakanize wokwanira khoma lonse nthawi imodzi.

Zotsalazo mayiwo angathe okha. Chitenje chimodzi cha maluwa aakulu chimatulutsa zithunzi zitatu: kudula, kukokera pa timafelemu, kukhoma kumbuyo ndi timisomali. Malichero atatu osiyana kukula atapachikidwa pamodzi amadzaza khoma. Pansi mkeka wa mlaza. Ndinachitira choncho mchemwali wanga, alendo ankafunsa kuti zagulidwa kuti.

Mphwanga wa ku Khombedza: Amayi, nanga titakhoma mphasa m'munsi monsemo kubisa pomwe panaonongekapo?

aMwale: Usayerekeze mphwanga. Bango pakhoma lonyowa ndi kuitana chiswe, ndipo kuseri kumachita nkhungu. Chokongoletsa chilichonse chikhale kumtunda kouma. Ngakhale mipando ndi kabati azisunthe, pakhale mpata wolowa dzanja. Timafelemu ta zitenjeto ndipanga ine ndi zidutswa za matabwa zili mbwee pashedi panga, ulere, ingonditumizirani miyezo. Ndodo ya makatani musadule nsungwi yaiwisi lero, imafumbwa msanga. Pezani yokhwima, youma kale, muipale ndi sandipepa n'kupaka vanishi.

Nangozo: Chinanso aBanda, adzukulu aja asayandikire ndowa ya laimu. Amawotcha khungu, ndipo akalowa m'maso ndi zoopsa, muyenera kutsuka ndi madzi ambiri nthawi yomweyo n'kuthamangira kuchipatala. Inunso muvale magolovesi ndi magalasi. Anawo apatseni ntchito yosamutsa maluwa.

aBanda: Zikomo nonse, mwandimasula. Mayiwo avomera za maluwa, ngakhale poyamba anadandaula chifukwa ena anadzala ndi malemu amuna awo. Ndawalonjeza kuti ndizula ndekha ndi dothi lake lomwe, osadula muzu, ndipo zigubu ndapeza kale zisanu. Ntchito ya manja sindiwalipiritsa, agula laimu, okusaidi ndi simenti yochepa basi. Dothi tichotsa mawa, kupala Lachisanu. AMwale, miyezo nditumiza madzulo ano. APhiri, Loweruka mungadzandigogodereko pulasitalayo? Pali malo awiri pafupi ndi chitseko omwe khutu langa likukayika.

aPhiri: Ndikwera minibasi yoyamba kuchokera ku Chipoka. Mundidikire pa Kamuzu Road, ndipo laimu mumuviike Lachinayi kuti ndidzamuone ndisanabwerere.